Mkanda wagalasi wakanirira pa kachitsulo: ndiuchotse bwanji osauswa?

Mayi wina watilembera motere: "Zikomo akatswiri. Ndangoyamba kumene kupanga mikanda yagalasi pa lawi la gasi, ndipo ndimagwiritsa ntchito galasi lofewa la Effetre. Ikazizira, ina imatuluka bwinobwino pa kachitsulo kozengerapo, koma ina imakaniriratu. Sabata yatha ndinapanga mkanda wautali womwe ndaukonda kwambiri, ndinaukanikiza kuti ukhale wathyathyathya. Ndakoka, ndapotoza, mpaka kachitsulo kapindika ndipo chala changa chatupa. Uvuni ndilibe, ndimaiziziritsa m'bulangete la fiber. Mnzanga wina akuti ndiuike mufiriji, wina akuti ndiubwezere pamoto. Ndichite chiyani, nanga ndikulakwitsa pati?"

Mayi, pepani ndi chala chatupacho, ndipo mtima ukhale m'malo. Palibe wopanga mikanda pa lawi amene sanakumanepo ndi zimenezi, ngakhale amene akhala pantchitoyi zaka zambirimbiri. Mikanda yambiri yomwe anthu amandionetsa atataya kale mtima imatuluka yamphumphu, bola munthu asiye kulimbana nayo ndi mphamvu. Choncho lero uikeni kaye pansi, ndipo zoti muubwezere pamoto zija musachite. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Tiyambe ndi zomwe zili m'bowo la mkanda wanu. Kachitsulo kozengerapo galasi, komwe pantchitoyi timati mandrel, ndi ka chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo ambiri amangodula waya wowotcherera wa 308L kapena 316L. Galasi losungunuka likakhudza chitsulo chotentha limagwirana nacho, n'chifukwa chake timayamba taviika kachitsuloko mu bead release, dothi lamadzimadzi lija lomwe nthawi zambiri limakhala ndi kaolin ndi alumina. Dothilo limaima pakati pa galasi ndi chitsulo, ndipo tsiku lochotsa mkanda likafika limayenera kufumbutuka. Palinso china chomwe chili kumbali yathu. Chinthu chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Galasi la Effetre, lopangidwa ku Murano m'dziko la Italy, lili ndi COE 104 (COE ndi nambala yosonyeza kukula kwa kufutukuka ndi kubwerera kumeneku), pomwe chitsulo chosachita dzimbiri pa muyeso womwewo chili cha m'ma 160 mpaka 170. Ndiye kuti zonse ziwiri zikamazizira, chitsulo chimabwerera kwambiri kuposa galasi n'kusiya kampata. Mkanda wopangidwa bwino suvuta kutuluka. Ukakanirira, pali chomwe chaugwira, ndipo musanagwire chida chilichonse muyenera kudziwa kuti n'chiyani.

Tengani mkandawo mupite nawo powala, muyang'ane mbali zonse ziwiri za bowo. Ngati mukuona mzere wa dothi utazungulira kachitsulo konse, wopanda podukiza, ndiye kuti chagwira mkandawo ndi dothi louma basi, ndipo umenewo utuluka. Ngati pena dothi palibe ndipo galasi lagona pa chitsulo chenichenicho, chonyezimira kapena chakuda ndi moto, pamenepo galasi ndi chitsulo zawotcherana, ndipo nkhani yake ndi ina. Kenako gubuduzani kachitsuloko m'mphepete mwa tebulo kuti muone ngati kali kowongoka, ndipo muyendetse chikhadabo kuchokera pa mkanda kukafika kunsonga. Chikhadabo chikakodwa pena, mkanda ukodwanso pomwepo. Kamlomo kotsala podula waya, zipsera za mano a chopanira, kapena kupindika kochepa chabe, zonsezi zimatseka njira ngakhale dothi litamasuka kale. Pa mkanda wautali vuto limabisala nthawi zina pakati, pomwe diso silifika, ndipo zimenezo mumazidziwa mukayamba kupotoza.

Musanayambe, pali nkhani ya bulangete lija. Bulangete la fiber (ulusi wosapsa ndi moto), kapena vermiculite (timiyala topepuka tosunga kutentha), limangochedwetsa kuzizira kuti mkanda usang'aluke pomwepo, koma silichotsa kukokana komwe kumatsala mkati mwa galasi. Kukokanako kumatha ndi annealing, kutanthauza kusunga mkanda muuvuni pa madigiri pafupifupi 500 mpaka 520 a Celsius ngati ndi galasi lofewa ngati lanuli, kenako n'kutsitsa kutentha pang'onopang'ono. Mkanda wautali komanso wokanikizidwa ngati wanuwo ndi womwe umasunga kukokana kochuluka, ndipo galasi lake limapyapyala kwambiri motsatira bowo. Ukasweka, umang'aluka pakati motsata kachitsulo. Popeza mwati mumaukonda, ine ndikanayamba ndapeza wina wokhala ndi uvuni kuti aulowetsemo uli pakachitsulo pomwepo, uvuni uli wozizira, kutentha kukwere pang'onopang'ono. Ukatuluka mmenemo umapirira kupotozedwa kuposa mmene ulili panopa. Mikanda ing'onoing'ono yozungulira mukhoza kuichotsa kaye n'kudzaiwotcha pamodzi pambuyo pake.

Tsopano madzi. Ikani mkandawo m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, mudonthezemo sopo wotsukira mbale. Mikanda yosavuta imamasuka pakangotha mphindi 15 kapena 20, koma wanuwo usiyeni usiku wonse, ngakhale masiku awiri. Madzi amalowa m'dothi kuchokera kumapeto onse awiri a bowo, ndipo pa mkanda wautali ulendo wokafika pakati ndi wautali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu ambiri amalephera pomwepa, amaunyika mphindi zisanu n'kuyamba kukoka. Uli m'madzimo, palani dothi lonse lomwe lili panja pa mkanda, makamaka mbali yomwe mkanda utulukire. Likatsala, mkanda ukamayenda umalikokolola n'kulipanikiza pakhomo pa bowo, ndipo umakaniriranso utayenda kale pang'ono.

Kagwiridwe ndi komwe kamapulumutsa mkanda ndi chala chomwe. Kachitsulo kopyapyala sikagwirika ndi zala, kamangoterera, n'chifukwa chake munthu amafinya mopitirira mpaka kutupa. Pezani chopanira chokhoma chokha, chija amati vise grip, kapena vaisi ya patebulo. Panani kachitsulo pafupi kwambiri ndi mkanda, mpata wa sentimita imodzi kapena kucheperapo, koma chitsulo cha chopanira chisakhudze galasi. Mukapana patali, waya wapakatipo umapotoka ndi kupindika, mphamvu yanu yonse imathera pamenepo osafika pa dothi. Ndipo panani mbali yogwirira, osati mbali yomwe mkanda utulukire, chifukwa mano a chopanira amasiya zipsera zomwe bowo silingadutse. Mkandawo ugwireni ndi kachidutswa ka labala, chikopa, kapena nsalu yonyowa yopindidwa kangapo. Labala amagwira bwino, ndipo galasi likati lisweke, zidutswa zake zimathera mmenemo osati m'dzanja lanu.

Mukagwira, potozani, musakoke. Pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, mosafulumira. Cholinga choyamba ndi chakuti mkanda uzungulire pamalo pomwepo. Mukamva kukhetcheka ngati kwa mchenga, ndipo m'bowo mukutuluka madzi otuwa, dziwani kuti dothi layamba kugonja. Viikaninso m'madzi, potozaninso, ndipo ukamazungulira momasuka ndi pomwe mungayambe kuuyendetsa chakunsonga, mukupotozabe. Ntchito yonseyi ndi bwino kuigwirira m'beseni momwemo. Pa mkanda wathyathyathya pali nyambo yomwe ndikufuna muipewe: m'mphepete mwake mumagwirika bwino, ndiye dzanja limathamangira kukankha mapikowo. Mphamvu imeneyo imagwera pa galasi lopyapyala la pabowo. Ugwireni kutalika kwake konse, zala zili pamwamba pa mzere wa kachitsulo. Nsonga ya kachitsulo isaloze chikhatho chanu, mimba kapena ntchafu, chifukwa mkanda ukamasuka mwadzidzidzi dzanja limapitirira. Valaninso magalasi oteteza maso. Mukamva kakulira kakuthwa koti "thi", siyani, galasi lang'aluka.

Kachitsulo kanu mwati kapindika. Musayese kuuwoloketsa mkanda popindikapo, ndipo musakawongole ndi manja mkanda mutaugwira ngati chogwirira. Ngati kapindika mbali imodzi yokha, tulutsirani mbali inayo. Ngati mbali yotulukira ndi yomwe yapindika, dulani kachitsuloko pakati pa mkanda ndi popindikapo, kenako palani nsonga yodulidwayo ndi tupa mpaka ikhale yosalala ndi yosongoka pang'ono. Chodulira waya chimafinya nsonga n'kuitambalalitsa, ndipo mukaiwala tupa, kamlomo kameneko kamatema m'mphepete mwa bowo potuluka. Kachitsulo mudzapeza kena, musakamvere chisoni.

Madzi ndi chopanira zikalephera, chida chomwe ndimachidalira ndi rivet gun, chija chobanira pamanja ma rivet, timisomali tolumikizira malata. Chimagwira waya n'kuukokera mkati, pomwe mlomo wake ukukankha chomwe chili kutsogolo, ndipo mphamvu yake imayenda mowongoka motsatira kachitsulo, zomwe dzanja silitha. Sankhani mlomo wolingana ndi kukula kwa kachitsulo, lowetsani mbali yogwirira, ndipo pakati pa mlomowo ndi galasi muikepo chikopa kapena labala wochindikala wobooledwa pakati. Finyani pang'ono kamodzi, masulani, viikani m'madzi, finyaninso. Mkanda ukangosuntha, chisiyeni chidacho mubwerere kopotoza ndi dzanja. Choopsa chake n'chakuti chimatha kubenthula m'mphepete mwa bowo, makamaka ngati mapeto a mkanda ndi osongoka, ndipo sichikuuzani kuti galasi lafika polephera. Ngati mwafinya mwamphamvu ndithu koma palibe chikusuntha, musawonjezere.

Njira ina ndi ya thabwa. Boolani thabwa bowo lokulirapo pang'ono kuposa kachitsulo, dulani kachitsuloko kuti pamwamba pa mkanda patsale chitsa chachifupi, lowetsani mbali yaitali m'bowo la thabwa kuti mkanda ukhale pachikopa pamwamba pa thabwalo, ndipo gogodani chitsacho ndi hamala yaing'ono mopepuka. Kugogoda kumatambalalitsa nsonga, choncho ipaleninso ndi tupa isanalowe m'bowo la mkanda. Njirayi ndimaiika kumapeto chifukwa hamala ikaphonya kamodzi basi mkanda watha. Ena amapana kachitsulo m'kamwa mwa chobowolera chamagetsi. Ngati chogwirira chabe, chili chozimitsa, palibe vuto. Koma kuchiyatsa mkanda uli m'dzanja ayi, ndaona zala zitachekeka nazo zimenezo.

Tibwere kwa anzanu aja. Wa firiji sakunama kwenikweni, popeza chitsulo chimabwerera kuposa galasi. Koma taganizani: kuchokera pa madigiri 500 kufika pa kutentha kwa m'nyumba, kubwerera kwakukulu kunachitika kale. Firiji yozizira pa madigiri 18 pansi pa ziro ikungowonjezerapo madigiri pafupifupi 40, ndipo pa waya wa mamilimita awiri kusiyana kwake n'kochepetsetsa. Ena zimawathandiza, makamaka akauika uli wonyowa, ndipo kwa mkanda womwe unadutsa muuvuni palibe choopsa, bola musauchotse mufiriji n'kuuponya m'madzi otentha. Wanuwo, usanalowe muuvuni, ndikanausiya kunja kwa firiji. Wa moto uja ndiye walakwitsa. Galasi lozizira likalowa m'lawi kunja kwake kumatentha mkati mukadali mozizira, ndipo limaphulika, zidutswa n'kuuluka. Ngakhale mutalitenthetsa mosamala, chitsulo chimafutukuka kuposa galasi, ndiye bowo limathina m'malo momasuka, ndipo galasi likafewa limagwirananso ndi chitsulo pamalo pomwe dothi linachoka.

Mafuta olowerera monga WD-40 mukhoza kuyesa, koma madzi akalephera kaye, chifukwa dothi lomwe lamwa mafuta silimwanso madzi. Viniga savulaza galasi pa usiku umodzi, koma musayembekeze zambiri. Asidi wamphamvu musamuyandikire n'komwe. Hydrofluoric acid amadya galasi lenilenilo, ndipo pakhungu amalowerera mpaka kufupa munthu asanamve ululu wokwanira kumuchenjeza. Palibe mkanda woyenera ngozi imeneyo.

Nanga ngati galasi lawotcherana ndi chitsulo? Pakakhala kadontho kochepa kumapeto kwa bowo, nthawi zina kamathyoka pakupotoza n'kusiya pobenthuka pang'ono, pomwe mungasalaze ndi chopalira cha diamond. Koma ngati lagwira mkati, silichoka, ndipo mphamvu iliyonse yomwe mungaonjeze ingoswa mkanda. Ndikunena mosabisa chifukwa ndaona anthu akuvulala polimbana ndi mkanda womwe sukanatuluka. Pamenepo muli ndi zosankha ziwiri. Mukhoza kuusiya pakachitsulo pomwepo, n'kusalaza nsonga, ukhale chokongoletsera mumphika wa maluwa kapena chobayira tsitsi. Kapena, ngati mukufuna kachitsulo, kulungani mkanda m'nsalu yochindikala, valani magalasi, uphwanyeni ndi hamala, ndipo tizidutswa totsalira mupale ndi tupa.

Funso lanu lachiwiri, loti mukulakwitsa pati, ndilo lofunika kwambiri, ndipo malinga ndi zomwe mwalemba ndikukayikira kukanikiza kuja. Galasi likayamba kuuma inu n'kulikanikiza, mphamvu imadutsa m'galasi n'kukathyola dothi lomwe lili pansi pake. Mukabwezera mkanda m'lawi, galasi lofewa limalowa m'ming'aluyo n'kukapeza chitsulo. Kanikizani galasi likadali lofewa mokwanira, kamodzi, mowongoka, osagwedeza kachitsulo. Likakana, tenthetsaninso m'malo mowonjezera mphamvu. Zomwezi zimachitika pozenga galasi loyamba: ngati ndodo yagalasi sinasungunuke bwino inu n'kumaikoka, imang'amba dothi. Dothi liyambe latenthedwa mpaka lifiire pang'ono, galasi lizigwerapo lokha lili lofewa, ndipo pomaliza lawi ndi lomwe lidule ndodoyo, osati dzanja. Pa mikanda yaitali kapena yokanikiza siyani kachitsulo ka mamilimita 1.6, komwe amati 1/16 ya inchi, mutenge ka mamilimita 2.4, ka 3/32. Kopyapyala kamafewa ndi kupindika m'moto, ndipo kakapindikira mkati mwa mkanda wautali, mkandawo sutulukanso ngakhale dothi lili bwinobwino.

Onaninso botolo la dothi lanu. Zolemera zimakhala pansi, ndiye mukapanda kutakasa mpaka pansi mumaviika m'madzi okhaokha, ndipo chotsala pakachitsulo chimakhala chopyapyala moti chitsulo chimaonekera. Likhale lolimba ngati penti wochindikala pang'ono. Likauma m'botolo onjezani madzi pang'onopang'ono, chifukwa lolimba kwambiri nalonso limang'aluka pouma. Viikani mowongoka kamodzi, ndipo dziwani kuti kutulutsa mofulumira kumasiya dothi lochindikala, kutulutsa pang'onopang'ono kumasiya lopyapyala. Pa mikanda ikuluikulu viikani kawiri, loyamba litauma. Mbali yoviikidwa italike kuposa mkanda womwe mukufuna kupanga, kuti galasi likamatambasuka lisafike pa chitsulo chosaphimbidwa. Imikani tizitsulo mumchenga kapena m'thabwa lobooledwa tiume tokha usiku wonse. Mitundu ina ya dothi imalola kuumitsa pa lawi, ina ayi, choncho werengani zolembedwa pabotolo. Lonyowa likalowa m'moto msanga, nthunzi imalitukumula n'kulisiyanitsa ndi chitsulo, ngakhale kunja likuoneka labwino.

Tizitsulo tatsopano timabwera ndi mafuta ndipo timakhala toterera, dothi siligwirapo bwino. Titsukeni, tiwotcheni pa lawi mpaka tisinthe mtundu, tikazizira mutikweche ndi sandipepala wosalala, ndipo musalaze nsonga zonse. Pogwira ntchito musalozetse lawi nthawi yaitali pa dothi la m'mbali mwa mkanda, limapsa n'kuyamba kuyoyoka. Mukaona mng'alu pafupi ndi galasi, kapena mkanda wayamba kuzungulira wokha pakachitsulo uli wotentha, lekerani pomwepo, uziziritseni mmene uliri. Mkanda wosamalizika umatuluka, koma mukapitiriza kuutenthetsa ndiye mukuuwotcherera.

Mkanda ukatuluka, dothi lotsala m'bowo lichotseni ndi chopalira cha diamond mkanda uli m'madzi. Fumbi la dothili likhoza kukhala ndi silica, yemwe akapumidwa kwa zaka amawononga mapapo ndi matenda a silicosis, omwe sachira. Musapale pouma, musauzire ndi pakamwa, ndipo patebulo pukutani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa. Matope otsala m'beseni asiyeni akhazikike, khuthulani madzi apamwamba, matopewo mutaye m'zinyalala, chifukwa m'sinki amatseka mapaipi.

Za chala chanu: chipumitseni. Ngati kutupa sikukuphwa pakatha masiku ochepa, kapena chikukanika kupinda, kapena chachita dzanzi, pitani kuchipatala. Pitaninso msanga mukadzachekeka kwambiri moti magazi sakusiya mutapsinja kwa mphindi 10, mukamamva ngati kachidutswa kagalasi katsalira m'thupi, kapena kachitsulo kakakubayani mozama, chifukwa bala lobaya limafuna kuti aone za katemera wa kafumbata. Galasi likalowa m'diso musatikite ndipo musayese kulichotsa nokha, phimbani mopepuka mupite kwa dokotala nthawi yomweyo. Ndipo ngati mwasintha zonse ndatchulazi koma mikanda ikukanirirabe kawirikawiri, nyamulani botolo la dothi, tizitsulo tingapo toviika kale ndi mkanda umodzi wokanirira, mupite nazo kwa wopanga mikanda wodziwa bwino ntchitoyi. Mupempheni akuonereni mukuzenga galasi loyamba komanso mukukanikiza, popeza zolakwika za pamenepo zimaoneka msanga kwa munthu woima pambali. Mukatero mumufunsenso ngati angakulowetsereni mkanda wautaliwo muuvuni wake musanauyesenso.